Mkamwini pa Khoma la Damu

Ezekieli Miti anali atakhala pa chikamwini kwa Kaputeni zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo nkhope ya apongozi ake aakazi, aNamvula, anali asanaionepo bwinobwino. Ankawadziwira duku lofiira, ndi kachifuwa kouma kamene ankatsokomola dala akamayandikira nyumba ya mwana wawo, kuti mkamwini ngati ali pakhonde apeze polowera. Akakumana m'njira, iye ankapatukira kutchire, n'kunjuta chofulatira, n'kuwomba m'manja. Iwonso ankapatukira mbali inayo n'kuchita chimodzimodzi. Moni ankapatsana zitsamba zili pakati. Ndiwo unali mwambo wake, ndipo kwa Kaputeni, kamudzi ka pakati pa Sinda ndi Katete, munthu wosausunga ankamuimba m'nyimbo za pamtondo.

Koma kusaonana sikuletsa kudziwana. ANamvula ankamudziwa ndithu mkamwini wawo, ndipo zimene ankadziwazo ankazinena mokweza kuseri kwa mpanda wa udzu uku akupeta, ngati akulankhula ndi nkhuku. "Anzanga akamwini awo amawamangira nkhokwe," ankatero. "Wanga ine amathamanga."

Ndipo ankathamangadi. M'mamawa uliwonse asanatenge khasu, Ezekieli ankavula malaya n'kutsikira ku damu la Kamwazi, limene boma linakumba kuti ng'ombe zizipeza madzi m'chilimwe. Ankalizungulira lonse wopanda nsapato, potsata kanjira ka ng'ombe: kudutsa m'bango, kukwera miyala ya kaphiri, kutsikira pa mkuyu waukulu, kuwoloka kamtsinje kothira m'damumo, n'kudzamalizira pa khoma lotchinga madzi. Anazolowera zimenezi ali pasukulu kwawo ku Vubwi, kumene mphunzitsi wina anaona kuti mutu wa mwanayu suyenda koma miyendo ndiye iyayi. Anakathamangirapo sukulu yawo ku Chipata n'kubwerako ndi kapu yachitsulo, imene tsopano mkazi wake Elina ankasungiramo mchere.

Tsiku limene anayamba kuthamanga kwa Kaputeni linali la chipwirikiti. Amayi amene ankachapa pa damu, ataona mwamuna akubwera liwiro la mtondo wadooka, anasiya zovala ndi sopo n'kuliyatsa naye limodzi, ana kumsana akulira. Amuna anatuluka ndi nthungo ndi zibonga. Atamuimitsa n'kumufunsa chimene chinkamupirikitsa, iye anati, "Palibe." Zikanakhala bwino akanati njati. Munthu wothawa njati amamveka, koma wothawa popanda chomuthamangitsa ndi nkhani ya kwa asing'anga.

Chimene sakanatha kuwauza n'chakuti pa kanjira ka kudamu pokhapo ndi pamene sanali mkamwini wa munthu. Kumudzi munda unali wa aNamvula, nkhokwe ya aNamvula, ana ake awiri, Febby ndi Violet, anali a mtundu wa aNamvula. Ngakhale dzina lake linasowa, onse ankangoti "mkamwini wa aNamvula." Zimenezi zinkamuwawa, ndipo zinkamuwawa kwambiri chifukwa panalibe amene ankamulakwira. Kwawo ku Vubwi kunali munda umene amalume ake anasiya, wa dothi lofiira ndi mitengo ya mango isanu ndi inayi, ukungomera tsekera. Chimene ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: chitengwa, chilolezo chotenga Elina ndi ana kupita nawo kwawo.

Anapempha katatu kudzera kwa aLabani, atsibweni ake a Elina, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Katatu konseko aLabani anabwera ndi yankho lomwelo lochokera kwa mlongo wawo. "Ku Vubwi n'kumathero a dziko. Ndikadwala, mwana wanga adzabwera pa chiyani? Maliro akagwa, si adzapeza titaika kale? Munthu wake alibe ngakhale njinga." Mwina aNamvula anangotchula njinga ngati chinthu chimene ankadziwa kuti mkamwiniyo sadzachipeza. Koma Ezekieli anatola mawu amenewo n'kuwasunga.

M'chaka cha 1978 kunabwera mlangizi watsopano wa zaulimi, aPaulo Lungu, munthu wokulira pa boma ku Katete, wovala kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo. Tsiku loyamba kufika pa damu anaima pa khoma, manja m'chiuno. Akakowa anali atayala pa mtengo wouma pakati pa madzi, ndipo mapiri ankaoneka m'madzimo chadodolido.

"Anthu imwe," anatero aPaulo, "mudziwa kuti muli na malo abwino maningi? Azungu akaona izi, sangachokepo!"

Anthu anayang'ana pamene alangizi ankaloza. Anaona matope, ndowe, ndi madzi amene ankapatsa ana awo likodzo. Koma mlendo satsutsidwa tsiku loyamba, choncho anavomera kuti eee, n'zokongoladi.

APaulo anali ataona m'magazini ina zithunzi za azungu akuthamanga m'tinjira ta m'mbali mwa damu, ndipo atamva kuti kwa Kaputeni kuli kale munthu wochita zimenezo, anasangalala ngati apeza mbale wawo. Analengeza kuti pa tsiku lokumbukira ufulu, pa 24 Okutobala, kudzakhala mpikisano wozungulira damu kawiri. Mphotho anakaipempha kwa aHamidu, mwini sitolo pamsewu waukulu ku Katete, nkhalamba ya ndevu zoyera yobadwira ku Malawi. M'sitolomo munali njinga yakuda yopachikidwa kudenga, imene kwa zaka ziwiri anthu ankangobwera kudzaimba belu lake n'kumapita. AHamidu anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu.

"Mukuti munthu azungulire damu kawiri, dzuwa la Okutobala, popanda womuthamangitsa?" anafunsa aHamidu. "Ameneyo njinga akuifunadi. Tengani."

Loweruka lotsatira Ezekieli anayenda wapansi mpaka ku Katete kukaiona. Anaima pakhomo la sitolo nthawi yaitali, khosi chagada. M'maganizo anali atamukweza kale Elina kumbuyo, Violet kumsana kwa amake, Febby pachitsulo cha kutsogolo.

"Mwabwera kudzaona njinga yanga, achimwene?"

Wolankhulayo anali Idi, telala wosoka pakhonde la aHamidu, mwamuna woonda wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wosakwatira. Miyendo yake sinasiye kupalasa makina pamene ankalankhula.

"Nanunso mwalembetsa?" anafunsa Ezekieli akuseka. "Inu atelala mumathamanga muli pampando."

"Kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zaka khumi ndi zisanu," anayankha Idi. "Ndipo taonani, ndilibe mkazi, ndilibe munda, ndilibe apongozi. Chondilemera ine n'chiyani?"

Ezekieli anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. Anabwerera kumudzi akuthamanga pang'onopang'ono, mtima uli m'malo.

Masabata atatu otsatira anazungulira damu kawiri m'mawa uliwonse, ndipo kumunda ankafika dzuwa litakwera, atatopa kale. Mizere yake inatsalira kumbuyo kwa ya akamwini anzake. Kuseri kwa mpanda mawu anakula. "Mvula ikubwera, ife tidzadya liwiro chaka chino," ankatero aNamvula. Atamva za mpikisanowo analumbira kuti iwo sapita kukaonerera amuna a ndevu zawo akuthamangitsana ngati ana a mbuzi. Mawu amenewa anamukondweretsa Ezekieli kuposa mmene eni ake akanaganizira.

Litatsala tsiku limodzi, Elina anamupeza akudula zikhadabo za kumapazi ndi lezala. Anakhala pansi pafupi naye, akuseweretsa nsonga ya chitenje.

"Atate ake a Febby, atsibweni akuti mpikisano ukatha mawa abwera. Ali nanu mawu."

"Mawu anji?"

"Si za ine kunena. Adzanena okha."

Ezekieli anadziwa kuti ndi za mizere yotsalira ija. "Abwere," anatero. "Adzandipeza ndili ndi belu loimba."

Tsikulo linacha lotentha. Dzuwa litakwera, anthu anali atadzaza kumapeto kwa khoma, pansi pa mtengo wa mbawa, pamene panali poyambira ndi pothera. Kunali ng'oma, kunali ana a sukulu ndi timbendera ta mapepala, kunali akuluakulu awiri ochokera ku boma atakhala pa mipando ya tchalitchi. Njinga anaiyedzeka pa mbawapo, ndipo aHamidu anakhala pambali pake ndi ambulera. Othamanga analipo khumi ndi asanu ndi atatu: aphunzitsi, wapolisi mmodzi wa mimba yake, alimi angapo amene anangotengeka ndi njinga, Idi atavala nsapato za nsalu, ndi Ezekieli ndi mapazi ake.

APaulo anali atakonza zonse. Njira anaiwaza phulusa kuti wina asasochere. Ndipo poti pamwamba pa khoma panali popapatiza, pongokwana munthu mmodzi, kudzanja lamanja madzi akuya, kumanzere chiphedi cha miyala ndi minga ya mthethe, anaika mlonda kumayambiriro kwake kuti asalole aliyense kukwerapo. Mlondayo anamusankha bwino, mwamuna wamtali wa mawu aakulu. Chimene aPaulo sanafunse n'chakuti munthuyo anakwatira kwa yani.

Wezulo italira, onse anachoka ngati nyumba yapsa. Ezekieli anawasiya apite. Ankaidziwa njirayo, ankadziwa kuti bango limadula miyendo ya wopupuluma ndipo miyala ya kaphiri imafuna ulemu. Pofika pa miyalapo alimi atatu anali atakhala pansi akukambirana ngati njinga ndi yofunikadi pa moyo wa munthu. Pa mkuyu anapeza aphunzitsi awiri atagwira nthiti. Pomaliza ulendo woyamba, patsogolo pake panali Idi yekha, akuyenda ndi timasitepe tating'ono tofanana, osafulumira, osachedwa. Ezekieli anasiya kumuseka telalayo.

Anamupitirira pa miyala ulendo wachiwiri, pamene nsapato za nsalu zinayamba kuterereka koma mapazi osavala akugwira. Kuchokera pamenepo anali yekha. Mphepo ya pamadzi inamuwomba pachifuwa, akakowa anauluka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chimene aPaulo ankanena: malowo analidi okongola. Anawakonda monga munthu amakondera malo amene akuwasiya. Atawoloka kamtsinje anacheuka, ndipo Idi ankaoneka kutali, pa mkuyu. Ng'oma zinayamba kumveka. Atakwera pa khoma anaona mbawa kumapeto kwake, chingwe cha luzi atachigwira atsikana awiri, ndi chiwongolero cha njinga chikung'anima. Mtima wake unadzaza chimwemwe.

Kenaka anaona duku lofiira.

ANamvula sananame. Sanabwere kudzaonerera. Koma anali ndi dimba tsidya lina la damu, ndipo pamene pasonkhana anthu pamafunika matimati. Anathyola dengu lodzaza, kulisenza, n'kulunjika ku mbawa kudzera njira yachidule, ya pa khoma. Mlonda wa aPaulo uja anali atakwatira mwana wa mng'ono wawo. Ataona duku lofiira likubwera, anachita zimene mkamwini aliyense woleredwa bwino amachita: anathawira kutchire n'kukanjuta chofulatira. Tsopano aNamvula anali pakati penipeni pa khoma, akuyenda mwa ukalamba wawo, msana uli kwa Ezekieli.

Mawondo ake anapinda asanamufunse mwini wake. Anapezeka atanjuta masitepe makumi awiri kumbuyo kwawo, nkhope atalozetsa ku minga, manja akuwomba.

"Zikomo kumeneko! Zikomo!"

ANamvula anaima. Anawadziwa mawuwo. Anatsokomola kachifuwa kawo kaja, ngakhale kuti nthawi yake inali itapita. Anayang'ana kumanja, madzi. Anayang'ana kumanzere, chiphedi. Tchire lothawirako panalibe. Choncho anachita chimene chinatsala: anatula dengu, anakhala pansi chopingasa njira, miyendo atatambasula, nkhope ku madzi, n'kuifunditsa nsonga ya chitenje. Njira imene inali yopapatiza tsopano inatsekeka ndithu. Ndipo poti anthu awiri akakhala pansi sangangokhala ngati zitsa, aNamvula anayamba moni.

"Mwauka bwanji, atate ake a Febby?"

"Ndauka, amayi," anayankha Ezekieli, mpweya ukutuluka zidutswazidutswa. "Kaya... inu?"

"Ife tauka. Koma bondoli ndiye latisautsa. Nanga ana auka bwanji? Violet chifuwa chija chatha?"

"Chatha, amayi."

"Tithokoze Mulungu. Chaka chino zifuwa zavuta."

Ku mbawa kunabuka phokoso. APaulo anabwera mothamanga mpaka kumapeto kwa khoma, akuliza wezulo ndi kukupiza manja. "Iwe Ezekieli! Jumpa! Jumpa chabe, ni pafupi! Amayi, chokani mu njira!" Ana a sukulu anayamba kuimba nawo, jumpa, jumpa. Koma akuluakulu a m'mudzi sanaimbe nawo. Amayi achikulire anayandikira kutsogolo, manja pakamwa, kuti aone bwino.

Ezekieli anaponya diso lakuba. Kumbuyo kwa msana wa aNamvula kunali kampata kongokwana phazi limodzi. Akanatha kudutsa pamenepo, thukuta lake n'kukhudza chitenje chawo, kapena kudumpha miyendo yawo ndi dengu lomwe. Masitepe zana okha, njinga n'kukhala yake. Koma ankadziwanso chimene aLabani akanabwera nacho madzulo: mwana wanga apite kutali ndi munthu wodumpha amake pamaso pa mudzi wonse? Akapanda kudumpha, njinga palibe. Akadumpha, chitengwa palibe. Pamenepo Ezekieli anakwiya kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Anadana ndi duku lofiira, anadana ndi amene anamanga khoma lopapatiza chonchi, ndipo koposa zonse anadana ndi mawondo ake. Koma manja ake ankawombabe mwaulemu.

"Pitani, atate," anatero aNamvula pansi pa chitenje, osasuntha ngakhale chala. "Musachedwe chifukwa cha ife."

"Iyayi amayi, tsogolani."

"Iyayi, pitani inu. Muli pa ntchito."

"Sizingatheke, amayi. Tsogolani."

Akupatsana njira chonchi, kumbuyo kunamveka timasitepe tating'ono tofanana. Idi anafika, malaya ali chinyezi, maso atalowa m'kati. Anamuzungulira Ezekieli, n'kufika pa aNamvula. Kwa iye anali mayi wokalamba chabe wokhala pa njira.

"Odi amayi, pepani!"

"Pita mwana wanga, pita," anatero aNamvula, n'kupinda msana pang'ono.

Idi anadutsa pa kampata kaja, n'kugwetsa tomato mmodzi amene anagubudukira m'madzi. Sanacheuke n'komwe, ndipo kusacheuka kwakeko kunamupweteka Ezekieli kuposa kunyoza. Patapita kanthawi ku mbawa kunamveka mfuu, kenaka belu la njinga.

Anadutsa mphunzitsi. Anadutsa mphunzitsi wina. Anadutsa alimi awiri, mmodzi akutsimphina. Ezekieli anali chinjutire, akuona mapazi awo akumupitirira. Pamapeto pake anafika wapolisi uja, akuyenda ndithu, manja m'chiuno, ndipo aNamvula anamupempha kuti awatwike dengu, poti mkamwini sakanatha kuwayandikira. Wapolisiyo anawatwika ndi mtima wonse, poti chinali chifukwa chabwino chopumulira. ANamvula anaimirira, anakonza duku, n'kuyamba ulendo wopita ku mbawa, bondo likuwavuta. Ezekieli anawatsatira masitepe makumi awiri kumbuyo, akuyenda, maso pansi. Iwo akaima kuti apume, nayenso ankaima. Motero aNamvula anafika pothera mpikisano patsogolo pa mkamwini wawo, ndipo matimati awo anatha onse.

APaulo anali atapsa mtima. "Dziko izapita bwanji patsogolo na anthu ogwada pakati pa resi?" anatero, akulemba dzina la Ezekieli pa nambala seveni. AHamidu anapereka njinga kwa Idi, n'kugwedeza mutu. "Njinga imeneyi imadziwa kwawo," anatero, poona kuti ikubwerera pa khonde lawo lomwe.

Koma Ezekieli, ali chiimire kuseri kwa gulu, anaona chinthu china chimene sanachimvetse msanga. Amayi a m'mudzi sanapite kukazungulira Idi. Anazungulira aNamvula. Ena ankalulutira, ena ankawagwira chanza. "Mkamwini muli naye, anzathu!" ankatero. "Kutaya njinga yatsopano! Wanga uja akanandiponda pamutu." ANamvula, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasekedwa pa damu chifukwa cha mkamwini wothamanga popanda chomuthamangitsa, anaima pakati pawo akupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Pa moyo wawo wonse anali asanachitiridwepo kaduka.

Dzuwa litapendeka, Ezekieli anali kuseri kwa nyumba yake akuzula minga kumapazi. ALabani anafika ndi ndodo yawo, ndipo pambuyo pawo Elina atanyamula mbale yovundikira. ALabani anakhala pa kampando, anafwenkha fodya wa m'mphuno, anayetsemula, n'kuyamba.

"Akamwini, ndabwera ndi mawu awiri. Oyamba ndinapatsidwa Lamulungu lapitali. Achiwiri ndapatsidwa lero."

"Ndikumva, atsibweni."

"Lamulungu mlongo wanga anandiitana. Anati, achimwene, ndatopa. Ndatopa kusekedwa, ndatopa kuona mizere yosatha. Munthu uja amutenge mkazi wakeyo apite naye ku Vubwi, akathamangire kwawo. Kaya njinga, kaya popanda njinga, mvula isanagwe achoke."

Munga umene unali m'manja mwa Ezekieli unagwa pansi. "Anavomera? Chitengwa?"

"Anavomera. Amenewo ndiwo mawu oyamba." ALabani anakweza dzanja. "Achiwiri ndi awa. Akuti mawu oyamba aja ndiwameze, sanawanene. Akuti anali wakhungu, sankadziwa chimene Mulungu anawapatsa. Akuti mkamwini wotaya njinga chifukwa cha ulemu wa apongozi ake, pamaso pa akuluakulu a boma, kuno sanaonekepo, ndipo atamulola kupita anthu angawayese chitsiru. Akuti dimba lija la tsidya la damu ndi lanu kuyambira lero. Muumbe njerwa, mumange nyumba yeniyeni, chifukwa wodzawasunga mpaka imfa ndinu." Anafwenkhanso fodya. "Ndiponso akuti kuthamanga musasiye. Akuti kumakometsa mudzi."

Ezekieli anatola munga uja, n'kuutayanso. Atalankhula, mawu ake anatuluka aang'ono.

"Atsibweni, mawu oyambawo simukanandiuza Lamulungu lomwelo?"

"Ndinati ndisakusokonezeni maganizo mpikisano usanachitike," anatero aLabani mokoma mtima. "Nkhani yabwino sathamanga nayo. Ndipo taonani, ndikanafulumira bwenzi mutataya dimba."

Ezekieli anatembenukira kwa mkazi wake. Elina anali atagwada, akuvundukula mbale, ndipo ngakhale anayesa kuweramitsa mutu, chimwemwe sichinabisike pa nkhope yake. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti m'zaka zonsezi, amene ankalota za mango a ku Vubwi m'nyumba imeneyi anali munthu mmodzi yekha. Chisoni chinamugwira, ndipo analibe woti amuuze.

"Ndi nkhuku ya mawanga ija, atate ake a Febby," anatero Elina. "Imene amayi anakana kuphera abusa. Aphika okha."

ALabani anali atayamba kale kusamba m'manja. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunamveka kachifuwa kouma, kamodzi, kenaka kawiri. Sikanali kochenjeza kuti munthu akudutsa. ANamvula anali ataima pamenepo, akudikira kumva ngati mphatso yafika.

Ezekieli anatsika pa kampando. Ananjuta, anafulatira mpanda, n'kuwomba m'manja mokweza kuti apongozi amve bwino.

"Zikomo, amayi," anatero. "Mwatichitira zazikulu."